Chikho cha Makutu Awiri

Inu ana, chikho chili pamwamba pa kabatichi musachiyese choseweretsa. Dzulo ndinapeza Tadala ataikamo maluwa apulasitiki, ndipo mlongo wake Yamikani akuti nchachabechabe chifukwa ukachiika pansi chimapendama. Chimapendamadi. Amene adachipendamitsa ndine, ndipo ndati ndikuuzeni ndekha mmene zidakhalira, popeza mukapanda kumva kwa ine mudzamva kwa agogo anu aakazi, amene nkhani zanga amazithira tsabola wambiri.

Ine mukundidziwa. Pa Manjawira amene amanditcha Filipo ndi ansembe okha. Ena onse amati a Tsitsaniko, chifukwa chibadwire sindidagulepo kanthu pa mtengo woyamba. Ngakhale kuchipatala, adokotala atandiuza kuti ndimwe mapiritsi masiku asanu ndi awiri, ndidawapempha kuti atsitseko akhale anayi. Ku Joni ndidapitako ngati anzanga, ndipo pansi pa nthaka ndidalowamo, koma sindidachedwe kuona kuti golide wosavuta kukumba ali pamwamba, m'matumba a anthu otuluka mumgodi. Ndinkawagulitsa malezala, singano ndi fodya wopota wakuno. Pobwera ndidanyamula galamafoni, chinthu chimene inu simudachionepo, choimba ukachipukusa ndi dzanja. Galamafoniyo ndidasinthitsa ndi ng'ombe yotsimphina, ng'ombeyo ndi njinga, ndipo njingayo ndi imene idandipezera agogo anu. Iwo amakana, amati adakonda ine. Koma belu ankaliza ndi iwo.

Abambo anga, a Simiyoni, mfunda wawo Ngozo, ankakhala kumudzi kwathu kuseri kwa Nzama. Adamenya nawo nkhondo yaikulu ya azungu ija, kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo za nkhondoyo sankanena. Chimene ife ana tinkadziwa ndi chikhochi. Chaka china chinkakhala m'nyumba mwathu, chaka china kulibe. Akakolola mawere ankachidzaza, nkuchikulunga m'chidutswa cha bulangete lausilikali, nkuyamba ulendo wapansi wopita kwa Mlangeni, kwa mnzawo a Laitoni, mfunda wawo Ndau. Kamba wa panjira adali chimanga chokazinga ndi chigubu cha thobwa basi. Chaka chinzake a Laitoni ndiwo ankatulukira pakhomo pathu, chikho chodzaza nsawawa. Chifukwa chake sitidafunse. Ana akale sitinkafunsa. Inu mumafunsa ngakhale chifukwa chimene nkhuku ilibe mano.

Zaka zoyambirira za matipate, miyendo ya abambo idayamba kukana. Nditapita kukawaona nthawi yokolola, adandipatsa chikho chodzaza mawere nati ndikachitule kwa Mlangeni, m'manja mwa a Laitoni. Ndidavomera ndi mtima umodzi, ndipo Mulungu ndi mboni, ponyamuka ndidalibe maganizo ena. Koma pa Boma msewu uli pawiri. Ndili chiimire kudikira galimoto ya kumpoto, matola ya kummwera ndiyo idayamba kuliza hutala, ndipo mawa lake lidali tsiku la msika pa Manjawira. Ndidati kwa Mlangeni sikuthawa, ndipita sabata yamawa.

Muyenera kudziwa kuti nthawi imeneyo aliyense adasanduka wamalonda. Aphunzitsi opuma, amayi a mpingo, onse adayala nyemba m'mbali mwa msewu, ndipo ine amene ndidayamba kale ndinkangoingitsa ntchentche. Choipa china, mbale yanga yoyezera idali itandiyalutsa. Ndidali nditaikhoma pang'ono kunsi kuti muzilowa zochepa, mwambo wakale wa pamsika, koma mayi wina wa maso akuthwa adaitembenuza pamaso pa anthu. Choncho tsiku limenelo ndidati ndiyezere chikho cha abambo, tsiku limodzi lokha. Mawere aja agogo anu adaphikira thobwa, osadziwa kumene achokera.

Taonani mmene chidapangidwira. Kukamwa nkotakasuka, m'chiuno nchopyapyala. Diso limaona chinthu chachikulu, koma m'thumba mumagwa zochepa. Amene adachisula akadakhala wa pa Manjawira akadalemera. Ndidachikwecha ndi phulusa mpaka chidawala, nkuyamba kuitana anthu kuti adzagule nyemba za m'chikho cha mfumu. Mfumu yake iti, inenso sindinkadziwa. Ndidangokumbukira kuti amayi ankatero. Dzuwa lisanapendeke thumba lidatha. Sabata yotsatira lidathanso. Sabata yachitatu dzanja lidayabwa, ndidatenga mwala nkuchigogoda kunsi monga ndidachitira ndi mbale ija. Ndiko kupendama mukukuonaku.

Nditapitanso kumudzi, abambo adandifunsa za ulendo. Ndidati ndidakapereka, ndipo a Ndau akuti zikomo Ngozo. Bodza lidatuluka losalala ngati lopaka mafuta. Sabata imodzi ija idakwana zaka ziwiri ndi miyezi.

Tsiku lina padaima galimoto, nkutsika bambo wina wa mumzinda, wovala jekete lachikopa kunja kukutentha. Ankagula zinthu zakale zokagulitsa kwa alendo: simbi zamakala, mipando yosema, makobidi oboola pakati aja. Ataona chikho adachita ngati sadachione, nkuyamba kufunsa mtengo wa anyezi kwa mnzanga. Pamenepo ndidadziwa kuti wachifuna, chifukwa inenso ndimatero. Tidanenererana mpaka mthunzi udasuntha. Adayamba ndi wailesi, ndidamufikitsa pa njinga yatsopano. Kenaka adati chikho chopanda mbiri ndi chitsulo chabe, koma ndikamubweretsera nkhani yake yonse, adachipereka ndani, kuti, chifukwa chiyani, awonjezera malata ofolera nyumba. Tidapangana kukumana pa Boma Lachisanu.

Ndiye onani manyazi anga. Ndidakula mpaka imvi osafunsapo abambo za chikhochi, ndipo tsiku limene ndidapita kukafunsa, adandituma ndi malata. Ndidachikulunga m'thumba, nkuchimangirira pa kaliyala, kuti pochokera kumudzi ndingopitirira nacho ku Boma.

Ndidawapeza masana pansi pa mtengo wa mapichesi akusema mpini. Njinga ndidaitsamiritsa pa nkhokwe, patali pang'ono. Titalonjerana ndidayamba mozungulira, monga pogula mbuzi suyamba ndi mbuziyo. Ndidafunsa za mvula, za miyendo, kenaka za chikho chija, kuti kodi adachipata bwanji. Adaika sompho pansi.

Adati nkhondo itatha sadabwere msanga. Adawasunga miyezi yambiri m'misasa ku India, kudikira sitima yapamadzi. Asilikali opanda chochita ndi oopsa kuposa adani, choncho akuluakulu adakonza mpikisano wa masewero pakati pa magulu ankhondo. Akuda ankamenya mpira wamiyendo. Azungu adali ndi wawo wotchedwa ragibi, ndipo pamenepa ine ndidaiwala malata, chifukwa zimene ankanenazo zidali zosamveka. Mpira wake ngwonga dzira la nthiwatiwa, ukagwa pansi sudziwa kolowera. Amaunyamula m'manja nkuthawa nawo, ndipo mnzako ali ndi ufulu wokugwetsa pansi popanda mlandu. Ndidafunsa ngati apolisi ankaonerera. Adati ankawomba m'manja.

Chimene chidandizunguza mutu ndi ichi: ukafuna kupita kutsogolo, mpira umaponyera mnzako amene ali kumbuyo kwako. Ndidati ndiye amafika bwanji? Abambo adati amafika, chifukwa wakumbuyoyo akalandira amakupitirira, nayenso nkupatsira wakumbuyo kwake. Ndidafunsanso kuti nanga wina akaugwetsa? Adati pamenepo amuna asanu ndi atatu mbali iyi, asanu ndi atatu mbali iyo, amawerama nkulowetsana mitu ngati nkhunzi zolimbirana khola, nkumakankhana mpaka dzira lituluke kumiyendo. Ndidawapempha kuti andionetse. Nkhalamba ija idagwira mtengo wa pichesi, nkuuika phewa, nkuukankha mpaka masamba adagwa. Ndidali ndisanawaonepo akuseka chotero.

Iwo adalowamo mwangozi. Gulu lawo litafika kumapeto kwa mpikisano, azungu awiri adadwala malungo, ndipo padalibe ena. Kapitawo wawo adakumbukira kuti pali anyamata awiri a ku Ntcheu amene adawaona akugwira ng'ombe yothawa kukhitchini, wina kumiyendo wina kukhosi. Anyamatawo adali abambo ndi a Laitoni, abusa a ng'ombe chibadwire. Adawaphunzitsa masiku ochepa. Abambo adawaika m'gulu lokankha, a Laitoni kumphepete chifukwa adali ndi liwiro. Lamulo adawapatsa limodzi: aliyense wovala malaya a mtundu wina, mugwetseni ngati thole lokana kudindidwa. Adapambana. A Laitoni adasiya dzino limodzi m'bwalomo.

Zikho adadzapereka ndi munthu wa banja la mfumu ya ku Mangalande. Kaya adali mng'ono wake wa mfumuyo, kaya msuweni, abambo sadadziwe. Adangoti adali wamtali, wa mendulo zambiri, ndipo azungu onse ankapuma mosamala pamaso pake. Sabata yathunthu sajeni adawaphunzitsa kalandiridwe: kuima njo, kumuyang'ana m'maso, kulandira ndi dzanja limodzi. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno zimenezo ndi chipongwe chokhachokha. Munthu wamkulu sumuyang'ana m'maso, ndipo ngakhale chikhale chingano umalandira ndi manja awiri.

Chikho chachikulu adalandira kapitawo. Kenaka aliyense ankapatsidwa chaching'ono. Abambo ndi a Laitoni adali kumapeto kwa mzere, ndipo mkulu uja pofika pa iwo, pathebulo padatsala chimodzi. Wina adawerenga molakwa, kapena china chidalowa m'thumba la munthu, palibe adanena. Mkuluyo adaima nacho m'manja, nkuyang'ana uyu, nkuyang'ana uyo, nkhope itafiira. Za sajeni zonse zidauluka. Maondo adapinda okha, ndipo onse awiri adatambasula manja, wina kugwira khutu ili la chikhocho, wina khutu ilo. Manja anayi, chikho chimodzi. Mkuluyo adanena mawu ena, koma chizungu chake chidali cha m'mphuno.

Atabwerera pamzere abambo adasuzumiramo. Mudalibe kanthu. Adati chinthu chimenechi chidawavuta kuposa kuperewera kwa zikho. Mfumu yanji yopatsa munthu chikho chopanda ngakhale dontho? Kwathu ukapereka chipanda chouma kwa mlendo, mudzi wonse umachita manyazi. Ndiye m'sitima pobwera adapangana kuti amubisire manyazi mkuluyo: chikho chiziyenda chaka ndi chaka pakati pa nyumba ziwirizi, ndipo chisadzayende chopanda kanthu. Adapangananso kuti wina asadzatume munthu kukachiitanitsa. Chikadzaleka kubwera, ndiye kuti amene ali nacho wagona.

Atafika pamenepa adatola mpini uja nkumaupukuta ndi chikhatho.

"Chaka chatha sichidabwere," adatero. "Chaka chino anthu akolola kale nsawawa. Laitoni adapita, Filipo. Ana a masiku ano satumiza uthenga wa maliro kwa nkhalamba. Ndimafuna undiperekeze, ndikaone pamene adamuika."

Ana inu, ine ndanenererapo ndi amwenye, ndi apolisi apamsewu, ndi apongozi. Pakamwa panga sipadaumepo. Koma tsiku limenelo ndidangoyang'ana njinga pa nkhokwe paja. Mutu wa malonda udayamba kale kuwerengera njira: ndikhoza kunena kuti ndifufuza kaye, ndikhoza kukachitula mawa mwakachetechete. Koma munthu adali atalira mnzake chaka chathunthu, yekha, pansi pa mtengo, chifukwa cha nyemba zanga. Ndidanyamuka, ndidamasula thumba, nkudzagwada nacho patsogolo pawo. Ndidanena zonse, ndi za malata zomwe.

Sadakalipe. Akadandimenya ndi mpini uja bwenzi zitandipepukira. Adachinunkhiza, adachitembenuza, chala chawo nkupeza pamene ndidagogoda paja. Adachiika pansi, chidapendama. Adachiyang'ana chili chipendamire.

"Ndiye kuti Laitoni akuyesa kuti wafa ndine," adatero.

Zimenezo ine sindidaziganizepo ngakhale kamodzi m'zaka ziwiri zonsezo.

Mawa lake lidali Lachisanu lija. Tidadzaza mawere, mlamu wanga adatitengera pa ngolo mpaka pamsewu, nkukwera galimoto. Pa Boma ndidamuona wajekete uja ataima pafupi ndi sitolo, akuyang'ana wotchi. Ndidabisala kuseri kwa mayi wina wonyamula mtolo wa kabichi. Wa matola ya kumpoto atatchula mtengo, ndidangopereka. Mnyamatayo ankandidziwa, ndipo adandifunsa ngati ndikudwala.

Kwa Mlangeni kudali mphepo ya chaka chonse ija. A Laitoni tidawapeza pakhonde, chipewa chaubweya mpaka m'makutu, akusankha mbewu ya mbatatesi ndi manja, popeza maso adali atachita khungu. Abambo sadaodire. Adaima pabwalo atatsamira ndodo nkuitana dzina la kunkhondo limene ine ndidali ndisanalimvepo.

"Iwe Chibwano."

Manja a nkhalamba ija adaima m'dengu. Adatembenuzira khutu kumene kudachokera mawu.

"Ngati ndiwe mzukwa bwerera," adatero. "Ndidakulira kale, ndipo mbuzi ndidapha."

"Mizukwa sikwera matola. Mbuziyo udadya ndi yani?"

"Ndekha. Unkafuna ndikusungire mwendo?"

Abambo adakhala pansi pambali pawo. A Laitoni ankangowapapasa kumaso, m'mapewa, ngati munthu wogula ng'ombe. Kenaka abambo adawaika chikho m'manja. A Laitoni adalowetsa zala m'mawere, adagwira makutu onse awiri, nkutsikira kunsi. Chala chidaima pogogoda panga paja. Adafunsa kuti chachitika nchiyani apa, nanga zaka ziwirizi chidali kuti.

Ine ndidali chigwadire pafupi ndi mtondo, kudikira kuti andiyale pamaso pa mudzi wa eni. Abambo adangoti, "Ndidaponyera wakumbuyo, ndiye adaugwetsa."

A Laitoni adaseka mpaka kutsokomola, mpata wa dzino lija uli poyera. Adafunsa ngati wakumbuyoyo ndi uja adali ndi makutu aakulu ali mwana, wogulitsa anzake ziwala. Nditavomera, adandiitana kuti ndisendere, nkundigwira khutu limodzi mwa omwewo.

"Mpira ukagwa sapita nawo kubwalo la milandu," adatero. "Amawerama nkukankhanso. Ife miyendo yatha. Kuyambira lero wonyamula ndiwe, popita ndi pobwera, chaka chilichonse."

Mawu akuti tsitsaniko adafika pammero pomwe, chizolowezi. Ndidawameza.

Tidakhala masiku atatu. Ine chidwi chidali chisanathe, ndidafunsa a Laitoni chimene mkulu wa ku Mangalande uja adanena popereka chikho. Iwo adati adapepesa. Abambo adati bodza, mfumu sipepesa, adafunsa ngati amadya bwino kumsasa. Adakangana mpaka mbatatesi zidazizira m'mbale, ndipo mpaka lero sindidziwa. Ndidafunsanso ngati zidawawawa kulandira chimodzi pamene azungu adalandira chawochawo. A Laitoni adati poyamba zidawawawa. Koma adati azungu ajawo, aliyense adapita ndi chake kwawo nkuchitsekera m'kabati, ndipo sakhulupirira kuti alipo awiri a iwo amene adaonananso.

Ndidachinyamula zaka zisanu ndi chimodzi onse ali moyo. Adayamba kupita ndi a Laitoni, abambo nkutsatira mvula yotsatira. Mwa pangano lawo chikadayenera kuima pamenepo, koma mwana wamkazi wa a Laitoni adabwera nacho yekha chodzaza nsawawa, nati iye sadapangane nawo zoimitsazo. Chiyambire pamenepo chikuyendabe. Wajekete uja tidakumananso patapita miyezi. Ndidamugulitsa mbale yanga yokhoma ija, pamodzi ndi mbiri yake, imene ndidaipeka ndili chiimire.

Tsopano maondo anga ayamba kulankhula chinenero cha abambo, ndipo chaka chino chikho chili kwa ife. Mawere ndagula kale, ndipo musafunse kuti ndidanenerera nthawi yaitali bwanji. Tadala ndi Yamikani, Loweruka muchotsemo maluwawo, muchidzaze, mupite nacho kwa Mlangeni. Mukachipereke ndi manja awiri. Pa Boma galimoto ya kummwera ikaliza hutala, musacheuke. Wina akakufunsani mtengo wake, mumuuze kuti mwini wake ndi a Tsitsaniko, ndipo pa katundu wawo yense ichi chokha alibe nacho mtengo.

Ndikuuzeninso kuti nambala ya foni ya kwa a Ndau ndili nayo, ndipo dzuwa likamapendeka ndiimba. Sikuti ndikukukayikirani ayi. Kungoti magazi ali mwa inuwo ndikuwadziwa kumene adachokera.